Mwana wanga wadya ndalama za chilimba pa foni, ndimutani?

Amake Dali:
Makolo anzanga, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndimagulitsa tomato, anyezi ndi kapenta pa msika wa Kapata kuno ku Chipata. Tili pa chilimba azimayi 8, aliyense amaponya K150 pa mwezi, ndipo ndalama zimasonkhana pa foni yanga tisanapatse mwini wake. Loweruka ndinapita pa buthi kuti nditape K1,200, mtsikana wa pamenepo n'kundiuza kuti muli K550 yokha. Ndinayamba kulimbana naye, iye anangotsegula foni n'kundionetsa. K20, K20, K50, K100, zonse zotuluka usiku, zonse zopita ku beting'i. Watenga ndi mwana wanga woyamba, wa zaka 15, ali giredi 10. Iyeyo ndiye amanditumizira ndalama chifukwa maso anga saona tizilembo tating'ono, ndipo PIN ndinamuuza ndine. Nditamufunsa anangogwetsa nkhope. Atate ake akuti amukwapule, akatero amutumize kumudzi ku Chadiza akawete ng'ombe. Ine mtima ukukana, koma ukali nanenso ndili nawo. Chiyambire Loweruka sakhala nafe pa nsima, amadya ife titagona. Inu amene munadutsamo, ndithandizeni nzeru.

NgoniWaMtenguleni:
Atate ake anena zoona. Wakuba ndi wakuba, kaya ndi wa m'nyumba. Mtengo amauwongola ukali waung'ono.

Amake Mapasa:
Pepani amayi. Chinthu choyamba sinthani PIN lero lomwe, zina zibwere pambuyo.

WaNjinga Kapata:
Amayi, ine sindine kholo la mwana wamkulu, wanga ali ndi zaka 4, koma nkhaniyi ndikuidziwa m'kati mwake. Ndimanyamula anthu pa njinga kuchoka ku Down Shops kupita ku Mchini ndi ku Navutika. Chaka chatha ndinataya ndalama zimene ndinkasunga kuti ndigule njinga yangayanga, ndileke kubwereka ya eni ake. Onani bwino mauthengawo, muona kuti anayamba ndi K20. Mwina tsiku loyamba anadyako K60, mtima n'kunena kuti ndalama ndi izi. Kenako K20 ija inapita. Zotsatirazo sanali kufunanso kulemera, ankafuna kubweza K20 yanu musanadziwe. Ndiye chifukwa chake manambala akukula, 50, kenako 100. Kandege kobetchera pa foni kaja sikafuna kuti munthu adziwe mpira kapena adikire Loweruka. Kamauluka masekondi ochepa, kagwa, kena kanyamuka pompo. Munthu umatha K200 madzi osamba asanatenthe. Ine ndinali wamkulu wa ndevu, sindinathe kuleka mpaka mkazi wanga anatenga layini yanga n'kuisunga miyezi iwiri. Sindikuti mwanayo alibe mlandu. Ndikuti chimene chamugwira si chikwapu chingachichotse.

NgoniWaMtenguleni:
Inu a WaNjinga, mukadakwapulidwa muli mwana simukadataya ndalama za njinga.

WaNjinga Kapata:
Ndinakwapulidwa kwambiri akulu, zipsera zilipo kumsanaku. Zinandiphunzitsa kubisa.

Madamu wa Giredi 9:
Ndilowepo pa za chikwapu. Ambiri sitidziwa kuti lamulo linasintha. Children's Code Act ya 2022 imaletsa kulanga mwana pomumenya, ndipo siinena za aphunzitsi okha. Ku sukulu tinaleka kale chikoti. Ngati atate ake amuvulaza, nkhani ingathe kufika ku Victim Support Unit ku polisi, ndiye m'nyumba mudzakhala milandu iwiri m'malo mwa umodzi.

Koma chimene chikundiopsa kwambiri ndi cha kumudzicho. Mwana wa giredi 10 mukamuchotsa pakati pa temu, kubwerera n'kovuta. Ndaona anyamata amene anapita "kwa miyezi itatu" ndipo lero akuumba njerwa. Kuyambira Januwale 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka giredi 12, makolo athu ankagulitsa mbuzi kuti ife tifike pamene mwana wanuyo wafika popanda fizi. Musamulange pomulanda chinthu chokhacho chimene chingamutulutse pa mavutowa.

Atate a Anyamata Atatu:
Lamulo limenelo analemba ali ku Lusaka m'maofesi ozizira. Akabwera mwana ataledzera junta usiku, n'kutukwana amake, ndiitane Children's Code idzamugoneke?

Madamu wa Giredi 9:
Atate, lamulo silinati mwana asalangidwe. Linati asamenyedwe. Kulanda foni, kumugwiritsa ntchito yobweza chimene wawononga, kumuletsa kuyenda, zonsezo ndi zilango.

Atate a Anyamata Atatu:
Nanga m'kalasi mwanu muli angati, kuti muzitha kuwalanga mwa njira zofewazo?

Madamu wa Giredi 9:
84. Sindibisa, n'zolemetsa. Mwana atha kujomba masiku atatu ine osazindikira msanga. Ndiye chifukwa chake ndimapempha makolo kuti azibwera okha kudzafunsa, osadikira lipoti la kumapeto kwa temu. Pa makolo 84 aja amene amabwera safika 15.

Tsibweni wa ku Chadiza:
Ine chandikhudza n'chakuti kumudzi kwasanduka ndende yotumizako ana olakwa. Mukuganiza kuti kuno kulibe foni? Netiweki inafika, tima sola tochajira tili pa madenga, ndipo pa magolosale ena pali makina a njuga a bonanza. Mwana wa m'tauni akabwera kuno amakhala mphunzitsi wa anzake pa zinthu zomwezo. Za ng'ombezo, ife tikulimbana kuti tianyamata tathu tichoke kubusa tipite ku sukulu. Kale mnyamata ankaweta ng'ombe za eni zaka zingapo kuti apatsidwe imodzi, n'kukula osadziwa kulemba dzina lake. Inu mukufuna kubweretsa wa giredi 10 kuti alowe m'malo mwawo?

Funso langa kwa amake mwana ndi ili. Atsibweni ake mwawauza? Kwathu kwa Achewa mwana akalakwa chachikulu, mlongo wa amake amakhala pansi n'kumva. Atate akakwiya, pamafunika munthu wina wa mphamvu pa mwanayo amene mtima wake sunatenthe.

NgoniWaMtenguleni:
Zimenezo ndi za kwa Gawa Undi. Kwa Mpezeni mwana ndi wa atate, malobolo tinapereka. Amalume amabwera kudzamva, osati kudzaweruza.

Tsibweni wa ku Chadiza:
Palibe amene walanda atate mwana. Koma pa Nc'wala mu Febuluwale timabwera kwanu ku Mtenguleni, inunso pa Kulamba mu Ogasiti mumabwera ku Mkaika. Ana athu ambiri lero ndi a mbali zonse ziwiri, atate Mngoni amayi Mchewa kapena Mnsenga. Akalakwa timayamba kukangana kuti mwini wake ndani, mwanayo n'kukhala wopanda womufunsa.

Amake Dali:
Achimwene anga ali ku Lusaka, amagwira ntchito ya ulonda. Ndinawaimbira, anati "mulandeni foni." Koma foni si yake, ndi yanga. Iye alibe n'komwe reji, chitupa cha boma chija, sanakwane zaka 16, ndiye layini ya dzina lake sangakhale nayo. Akaunti ya beting'iyo anatsegula ndi nambala yanga ndi dzina langa. Kwa iwo amene akubetcha ndine, mayi wa zaka 41.

Kalaliki Wopuma:
Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikupempha tonse tiimepo pang'ono. Lamulo limati wosakwana zaka 18 asatchove njuga. Kale njuga inali ndi malo ake, kuseri kwa bawa kapena pansi pa mtengo, ndipo wamkulu aliyense wodutsa ankatha kuthamangitsa mwana pamenepo. Lero malowo ali m'foni ya amake, pansi pa bulangeti. Amene ali mbali inayo amangoona nambala yolembetsedwa ndi munthu wamkulu.

Ndiye taonani mmene nyumba zathu zakhalira. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka 30, koma ndikafuna kugula mayunitsi a magetsi ndimaitana mdzukulu wa zaka 12. Mkazi wanga K400 yake ya feteleza wa FISP anatumiza ndi mdzukulu yemweyo. Pa nthawi ya atate anga ndalama zinkakhala m'chitini, chitini m'sutukesi, kiyi m'thumba la jekete lawo. Mwana sankadziwa n'komwe kuti m'nyumba muli zingati. Ife tapereka kiyi kwa ana chifukwa iwo ndiwo amadziwa kutsegula, ndipo sitinakhale nawo pansi kuwauza kulemera kwa chimene tawapatsa. Mwana wa zaka 15 akuona K1,200 pa galasi usiku, aliyense ali m'tulo, anzake ku sukulu akumuuza kuti uje anadya K500 dzulo. Mayeso amenewo ena a ife akuluakulu sitingawapambane.

Amake Dali, mwana wanu walakwa ndithu, ndipo abweze. Koma inunso phunzirani kutumiza nokha. Magalasi owerengera amagulitsa m'tauni momwemo, kapena pemphani mnzanu wa pa chilimba akuonetseni kawiri katatu mpaka zala zizolowere.

Amake Mapasa:
A Kalaliki mwanena. Inenso PIN yanga ana onse amaidziwa. Ndikusintha madzulo ano.

Atate a Anyamata Atatu:
Ndiye mlandu wabwerera kwa amake? Mwana waba, olakwa ndi amene waberedwa?

Kalaliki Wopuma:
Iyayi atate. Mbuzi ikadya chimanga timaimanga, komanso timakonza mpanda.

Ambuya a ku Mchini:
Ine ndilankhuleko zanga, mwina wina andithandiza. Ndikulera adzukulu atatu, amawo ali ku Lusaka pa ntchito ya m'nyumba. Pa Khirisimasi anatumizira wamkulu, mtsikana wa zaka 14, foni yaikulu kuti azionana pa WhatsApp. Chibwerere foniyo mwana sindimudziwanso. Mbale amatsuka ndi dzanja limodzi. Usiku kuwala kumaoneka pansi pa chitenje mpaka tambala woyamba. Bandulo sindimugulira ine, amake akuti satumiza kawirikawiri, nanga amagula ndani? Ndikafunsa akuti "ambuya simungamvetse." Ndikalanda, amake amaimba kuti ndikuzunza mwana wawo.

Nesi wa Usiku:
Ambuya, funso lanu la bandulo musalisiye. Ndimagwira ntchito ku chipinda cha amayi oyembekezera, ndipo atsikana a zaka 14 ndi 15 timawalandira, si zachilendo. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo kuno kum'mawa chiwerengero chinali chokwera kuposa pamenepo. Ndikacheza nawo, nkhani siyamba ndi zazikulu. Imayamba ndi bandulo, tchipisi, kukwezedwa pa njinga yamoto ulere. Thupi la mwana wa zaka 14 silinakhwime, ambiri amathera ku opaleshoni.

Musayambe ndi kulanda. Khalani naye pamene mukusenda nyemba kapena mukusankha kapenta, mufunse ngati nkhani wamba kuti anzake mabandulo amawapeza bwanji. Za anzake amalankhula mosavuta kuposa zake. Ndipo amake muwauze mosabisa kuti foni usiku izigona kuchipinda kwanu, apo ayi abwere adzatenge mwana wawo. Simungasenze udindo wopanda mphamvu. Ngati mwapeza kuti pali munthu wamkulu amene akumunyengerera, nambala ya 116 ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana.

Ambuya a ku Mchini:
Zikomo anesi. Kale tikadangomuika m'chinamwali, anamkungwi n'kumuuza zonse.

Mtsikana wa 2003:
Ambuya, ndikhululukireni, ine ndinalowa chinamwali ndili ndi zaka 13 ku Katete. Za ulemu, za ukhondo, za kusamala m'nyumba, zinandithandiza mpaka lero. Koma zina zimene anatiuza zinali za munthu wolowa m'banja mawa, osati wa giredi 7. Tinatuluka tikudziona ngati akazi okhwima. Pa atsikana 6 amene tinali limodzi, atatu sanafike giredi 9. Ine ndinatenga mimba ndili ndi zaka 16. Chinandipulumutsa ndi lamulo lija la 1997 lolola mtsikana kubwerera ku sukulu akabereka, ndi amayi anga amene anakana kundikwatitsa ngakhale akuchimuna anabwera ndi ndalama ya damage. Anandilerera mwana, ine ndinamaliza giredi 12.

Namkungwi wa Mpingo:
Mwanawe, zimene wanenazo ndi zoona kwa ena, koma usatitaye tonse. Ambiri tinagawa malangizo pawiri, a kutha msinkhu paokha, a ukwati paokha pamene wapeza mwamuna. Mafumu nawonso akhala akulankhula, a Madzimawe akhala akulimbana ndi maukwati a ana kwa zaka zambiri. Ndipo kuyambira 2023 lamulo la ukwati limati wosakwana zaka 18 sangakwatiwe, ngakhale ukwati wa mwambo. Chovuta n'chakuti mwana asanafike kwa ife, TikTok yamulangiza kale zaka ziwiri.

Admin:
Abale, nkhani ya atsikana ndi yofunika, ambuya aitsegulire mutu wakewake mawa kuti tiikambe bwino. Pano tibwerere kwa Amake Dali, tsiku lopereka chilimba likuyandikira.

Amake Dali:
Zikomo a Admin. Tsiku ndi Lachisanu. Mwini wake wa mwezi uno akufuna kugulira mwana wake yunifomu ndi nsapato. Sindinamuuze kanthu. Ndikuganiza zokatenga kaloba kuti ndikwanitse mwakachetechete.

Amake Mapasa:
Kaloba ayi amayi! K650 idzakhala K975 mwezi usanathe. Mudzagulitsa tomato wa chaka chonse kubweza.

Mlimi wa Fodya Kasenengwa:
Auzeni anzanuwo zoona. Ndipo mnyamatayo apite nanu, aime pamaso pa azimayiwo anene yekha chimene anachita. Wanga anagulitsa thumba la feteleza mobisa kuti agule foni. Sindinamukhudze. Ndinamutenga kupita naye kwa sikelo, anaona mabelo athu atachepa, ndipo nyengo yotsatira analima mizere yake mpaka mtengo wa thumba unakwana. Lero ndi amene amandisungira mabuku a pa munda.

Nesi wa Usiku:
Za kubweza ndikugwirizana nazo. Za kumuimika pamaso pa azimayi 7 ndikukayika. Msika wa Kapata nkhani siigona, pofika Lolemba ku sukulu azidzamutcha wakuba. Amayi anena kuti mwana sakudya ndi anzake masiku anayi. Mwana wa msinkhu uwu manyazi akamukulira amatha kuchita chinthu choopsa, ndipo zoterezi timaziona ku chipatala, ena atamwa mankhwala a m'munda. Amake Dali, usiku uno wina agone naye pafupi, ndipo mumuuze ndi pakamwa panu kuti mlandu ulipo koma iye akadali mwana wanu.

Mlimi wa Fodya Kasenengwa:
Pamenepo anesi ndavomera. Apepese kwa mwini ndalama yekha, kunyumba kwake, osati pa msika.

NgoniWaMtenguleni:
Mukumulera ngati dzira. Ife tinakula ndi chikoti ndipo tili bwino.

Mtsikana wa 2003:
Akulu, tujilijili, timowa ta m'timapaketi tija, analetsa mu 2012 chifukwa ana a sukulu ankamwa m'kalasi. Ana amenewo anali a nthawi ya chikoti.

Mnyamata wa Koleji:
Ndalowa mochedwa, magetsi kunalibe. Ine ndili ndi zaka 20, ndiye ndili pafupi ndi msinkhu wa mwanayo kuposa ambiri pano. Chimene makolo simuona ndi mmene zimakhalira pa bureki ku sukulu. Wina watulutsa foni, akuonetsa kuti wadya K300, wagulira anzake mafritasi ndi zakumwa. Za K900 imene anataya sabata yonse sanena. Iwe uli ndi nsapato yong'ambika, kunyumba ukapempha K10 amakuuza kuti ndalama sizimera m'mitengo, nkhani yathera pompo. Sitidziwa kuti amayi amapeza zingati pa tsiku, sitidziwa lendi ndi zingati, timangomva kuti kulibe. Ine ndinasintha pamene amayi anandikhazika pa kantemba kawo holide yonse n'kundipatsa kope kuti ndizilemba zolowa ndi zotuluka. Nditaona kuti tsiku lonse phindu ndi K45, K20 ndinayamba kuiona mwina. Mufunseni kuti ndalamazo akadapambana akadagula chiyani. Yankho lake likuuzani zambiri.

Atate a Anyamata Atatu:
Izi ndiye ndamva. Anga sindinawauzepo malipiro anga, ndimaona ngati adzandipeputsa.

Amake Dali:
Ndabwerera. Dzulo nditawerenga zonse ndinaphika, ndinatenga mbale ziwiri n'kukakhala naye kuseri kwa nyumba. Poyamba sanalankhule. Ndinafunsa funso la Mnyamata wa Koleji. Analira kwambiri. Akuti anzake anapanga jezi za kalasi za K120, iye yekha ndi wina ndiwo analibe, ndipo sanafune kundipempha chifukwa anandimva ndikudandaula kuti tomato wandiwolera mabokosi awiri. Anati ayese ndi K20. Zotsatira zake ndi zimene ananena a WaNjinga, ngati analipo. Akuti usiku wa K100 ija sanagone, ankafuna kundidzutsa koma anaopa atate ake.

PIN ndasintha, mnzanga wa tebulo loyandikana nane wandionetsa, ndipo ndatumiza K10 ndekha koyamba. Mwini chilimba tinapita kwawo m'mawa uno ndi mwanayo. Ananena yekha, atagwada. Mayiyo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati alandira K550 Lachisanu, yotsalayo tizipereka K130 sabata iliyonse. Mwana azikhala pa tebulo langa Loweruka lonse ndi masana akaweruka, ndipo wayamba kutungira madzi anthu awiri a pa msika.

Chimene sichinathe ndi atate ake. Za kumudzi asiya, koma samulankhula. Akalowa mwana pa sitingirumu iwo amatuluka. Akuti ine ndi gulu langa la pa foni tawalanda mphamvu m'nyumba mwawo.

WaNjinga Kapata:
Akauntiyo mwatseka? Kusintha PIN sikukwanira, atha kuika ndalama kudzera pa buthi. Muli malo otsekera m'kati mwake momwemo, mwanayo akuonetseni inu mukuona. Ndipo miyezi iwiri itatu ikubwerayi chilakolako chizimubwerera, makamaka akagwira ndalama ya madziyo. Azikupatsani tsiku lomwelo.

Tsibweni wa ku Chadiza:
Za atate akezo, pezani munthu wamkulu amene iwo amamulemekeza, kaya ankhoswe anu kaya mkulu wa mpingo. Mwamuna sangamve kwa mkazi wake kuti gulu lanena, koma kwa nkhoswe amva.

NgoniWaMtenguleni:
Ine maganizo anga sanasinthe, ndikadakwapula. Koma atate kusalankhula ndi mwana wawo wamwamuna si bwino, kumeneko ndiye kumutaya. Auzeni amutenge Lamlungu akaonere limodzi mpira ku David Kaunda Stadium, ngakhale asalankhulane njira yonse.

Amake Dali:
Ndiyesa ankhoswe Loweruka. A WaNjinga, akaunti titseka madzulo ano akabwera ku sukulu.

Ambuya a ku Mchini:
A Admin, mutu wanga uja ndiutsegula bwanji? Mdzukulu ndiye amandilembera, ndipo nkhaniyi sindifuna aione.

Amake Mapasa:
Ambuya, nditumizireni mawu pa inbox, ndikulemberani ine. Mukamaliza mufufute.